Achemwali opita ku Japan, za Chisilamu kumeneko ndi izi

Achemwali, mwafunsa ngati anthu a ku Japan amadana ndi Asilamu, poti mwapeza mwayi wa sukulu ndipo mumavala hijabu. Chimene mukakumane nacho kwambiri ndi kusadziwa. Asilamu kumeneko ndi ochepa, ambiri ndi obwera kudzagwira ntchito kuchokera ku Indonesia, Pakistan ndi Bangladesh, moti Mjapani wamba akhoza kukalamba asanachezepo ndi Msilamu. Zimene amadziwa n'za pa TV, ndipo za pa TV sizinali zokoma: mu 2015 gulu la ISIS linapha Ajapani awiri, Goto Kenji ndi Yukawa Haruna. Mu 2010 zikalata zinaululika zosonyeza kuti apolisi a ku Tokyo ankazonda Asilamu ndi mizikiti mwakabisira.

Komatu Chisilamu si chachilendo kumeneko. Mzikiti wa ku Kobe unamangidwa mu 1935, unapulumuka mabomba a nkhondo ndi chivomerezi cha 1995. Mzikiti wa Tokyo Camii, womangidwanso mu 2000, umalandira Ajapani ambiri obwera kudzangoona. Ku mabwalo a ndege a Narita ndi Haneda zipinda zoswaliramo zilipo. Hijabu adzakuyang'anani, koma Mjapani kulalatira munthu pamsewu n'kosowa.

Pamene pamavuta ndi pa chakudya. Msuzi wa ramen (chakudya chonga supageti cha mumsuzi) nthawi zambiri ndi wa mafupa a nkhumba, ndipo ndiwo zambiri amathira mirin, yomwe ili ndi mowa. Muphunzire kufunsa. Anzanu akumeneko amamanga ubale pa mowa madzulo. Mupite, mumwe tiyi, musadzipatule.

Chimene chimandiwawa ine ndi nkhani ya manda. Ku Japan pafupifupi mitembo yonse amaiotcha, pamene Msilamu ayenera kuikidwa m'nthaka. Manda olola zimenezi ndi owerengeka. Asilamu a mumzinda wa Beppu analimbana zaka zingapo kuti apeze malo m'tawuni ya Hiji, anthu akumeneko akudandaula kuti madzi awo aipitsidwa, ndipo mu 2024 anthu a ku Hiji anasankha meya wotsutsa ntchitoyo. Ku chigawo cha Miyagi nako bwanamkubwa anabweza ganizo lotere mu 2025, chaka chomwe chipani cha Sanseito chinakwera ndi mfuu yoti Ajapani akhale patsogolo. Pa intaneti mawu onyoza achuluka kuposa kale.

Mukangofika, funsani mzikiti wapafupi. Ndi komwe mukadziwire kogula nyama ya halali.