Anyezi wa m'dzinja, adyo ndi katsitsumzukwa

Mayi wina wa ku Kapata anandilembera imelo mlungu watha. Akuti anawokera anyezi kuseri kwa nyumba mu Disembala, mvula ikugwa bwino, koma anangobiriwira masamba, timitu tochepa timene tinapangika n'kuwola. Akufuna kuyesanso, pamodzi ndi adyo ndi katsitsumzukwa (asparagus, ndiwo yodyedwa mphukira zake) amene anamuona pa Facebook.

Amayi, nthaka yanu ilibe mlandu. Munabzala anyezi nthawi ya chimanga, pamene iye amafuna chisanu. Kuno ku Chipata fesani nazale mu Malichi kapena Epulo, mvula ikamatsazika. Pakapita milungu 6 mpaka 8, mbande zikanenepa ngati pensulo, wokerani motalikirana masentimita 10, ndipo musazikwirire kwambiri. Masamba amakula mu Juni ndi Julayi, mutu n'kudzatupa kukayamba kufunda. Anyezi wa mtundu wa Texas Grano amabala mitu ikuluikulu koma sachedwa kuwola. Ine ndimakonda Red Creole, wofiira uja: ndi wocheperapo, woluma m'maso, koma amasungika. Manyowa akhale owola bwino, ndipo musamawonjezere feteleza mutu ukayamba, chifukwa khosi (polumikizira masamba ndi mutu) limanenepa osauma. Makosi akayamba kugwa, cha mu Seputembala, lekani kuthirira. Zulani, yanikani pamthunzi podutsa mphepo.

Adyo safuna nazale. Phwanyani mutu, sankhani tizigawo tikulutikulu (tating'onoto kathireni mu ndiwo), bzalani mu Epulo kapena Meyi, kosongoka kuloze kumwamba. Mudikira miyezi 5 kapena 6. Mbewu gulani kwa alimi a kumadimba kwathu kuno. Adyo woyera mbee wochokera kunja uja kawirikawiri amangophuka osapanga mutu wabwino.

Koma katsitsumzukwa, apa ganizani kaye. Sali ngati repu woti mwafesa lero, mwezi wamawa mukuthyola. Zaka ziwiri zoyamba simudula kanthu, mumangothirira ndi kupalira kuti mizu ilimbe, ndipo mphukira zake mumayamba kudya chaka chachitatu. Kenako bedi lomwelo lingakudyetseni zaka 15. Limafuna kukumba mozama, manyowa ambiri, ndi malo osadikha madzi, choncho kudambo ayi.

Simunandiuze ngati nyumbayo ndi yanu kapena yalendi. Ngati ndi yalendi, malo amenewo onjezanipo anyezi.