Kodi mlongo wanu angamugoneke kuchipatala iye asakufuna?

Zikomo amayi polemba. Mwati mlongo wanu anasiya kumwa mankhwala a matenda a m'mutu miyezi itatu yapitayi, manje usiku sagona, akuyankhula yekha, ndipo sabata yatha anathamangitsa a landilodi ndi chitsulo kwanu ku Chawama, ndiye maneba akukukakamizani kuti muitane apolisi akamusiye ku Chainama, chipatala cha matenda a m'mutu ku Lusaka. Mukufuna kudziwa ngati lamulo limalola zimenezo iye akukana, komanso akalowa atuluka bwanji.

Limalola inde, koma osati chisawawa. Konsitityushoni yathu ya Zambia pa Article 13 imateteza ufulu wa munthu kuti asatsekeredwe, koma pomwepo inasiya mpata woti munthu amene akuganiziridwa kuti mutu wasokonekera asungidwe kuti alandire thandizo kapena kuti anthu ena atetezeke. Lamulo lomwe likugwira ntchito pano ndi Mental Health Act ya 2019, lija la atsamunda la 1949 linachotsedwa, ndi lomwe lija linkatchula odwala maina onyoza mpaka High Court inawakana mainawo mu 2017 pa mlandu wa Mwewa. Ndimakumanabe ndi anthu oganiza kuti banja likangotopa ndi munthu basi ndi kukamutula, ayi, zimenezo ndi zakale.

Kudwala pakokha si chifukwa. Kuyankhula wekha si mlandu. Chomwe achipatala amayang'ana ndi chakuti kodi munthuyu angadzivulaze kapena kuvulaza ena posachedwa, kodi akamusiya matenda afika poipa. Ndipo wonena zimenezo ndi wachipatala amene wamuyeza, si a landilodi, si wapolisi, ngakhale inuyo amayi simungalamule.

Manje ndikuuzeni zoona za mlongo wanu, zinthu zomwe zimapangitsa munthu kugonekedwa mokakamiza zambiri ali nazo. Kusiya mankhwala ndi chimodzi. Kumva mawu omwe ena sakuwamva kapena kukhulupirira kuti anthu akumusaka, uku iye akuti bwinobwino sindikudwala ine, ndi china. Chitsulo chija ndiye chachikulu, chifukwa dokotala akangomva kuti panali chida nkhani yonse imasintha. Ngati anagonekedwapo mokakamiza kale mwayi woti zichitikenso umakula, chamba ndi kachasu zimawonjezera moto, ndipo anyamata osakwatira, opanda ntchito, opanda wowayang'anira ndi amene zimawagwera kwambiri. Koma china chomwe anthu sachiganizira ndi kafikidwe. Munthu wofika usiku pa galimoto ya apolisi, manja omangidwa ndi chitenje, malaya ong'ambika, akukuwa chifukwa cha mantha, amaoneka woopsa kuposa mmene alili. Yemweyo atafika m'mawa ndi mlongo wake, kadi la kuchipatala lili m'manja, nthawi zambiri amavomera yekha kugona kapena amapatsidwa mankhwala nkubwerera kunyumba.

Ndiye apolisi aitaneni pokhapokha ngati moyo wa munthu uli pangozi nthawi yomweyo, ndipo muwauze poyera kuti uyu ndi wodwala tikufuna chipatala osati selo. Mupite nawo, musamusiye yekha. A landilodi akakatsegula doketi nkhani imalowa kukhoti ngati mlandu, njira ija ndi yaitali ndipo munthu atha kukhala nthawi ali m'manja mwa boma, bola kukambirana nawo msanga.

Akagonekedwa sakhala mkaidi, ufulu wake ulipobe. Funsani dzina la dokotala amene wamugoneka, chifukwa chake, mankhwala omwe akumupatsa, ndi tsiku lomwe amuonenso, zonse lembani mu kabuku ndi madeti. Anthu amanyozera kabuku aka koma kwa ife maloya ndi komwe timayambira. Mukaona kuti wachira koma sakumutulutsa ndipo palibe akukufotokozerani, lembani kalata kwa mkulu wa chipatala musunge kope. Zikakanika pitani ku Human Rights Commission, kapena ku Legal Aid Board ngati ndalama ya loya palibe, loya atha kupempha High Court kuti omusungawo abwere naye afotokoze chifukwa, ndi ija timati habeas corpus.

Chinanso, lamulo la 2019 limalola munthu pamene mutu uli bwino kusankhiratu womuimira ndi kulemba zofuna zake. Akachira mukhale naye pansi alembe, asankhe yekha kaya inu kaya amalume, kuti ulendo wina pasakhale kukokana pakhomo. Koma za panopa, mawa m'mawa tengani kadi lake lakale ndi mapaketi a mankhwala omwe anasiya aja mupite naye ku kiliniki, akakana pitani nokha mukawafotokozere anesi, ndipo chitsulo chija ndi mipeni muchotse m'nyumba usiku uno.