Kodi achali ndi kabichi wa mchere angakhale mu ndowa ya pulasitiki?

Mayi wina wandilembera imelo, akuti kudimba kwawo kabichi, karoti ndi anyezi zachita bwino koma pamsika mitengo yagweratu, nde akufuna kuzisunga mu viniga kapena m'madzi a mchere, komanso mango akayamba akufuna kupanga achali wogulitsako. Vuto mabotolo agalasi ndi odula komanso osowa, pomwe zigubu ndi ndowa za pulasitiki zangoti mbwee pakhomo. Funso lawo ndi loti kodi viniga sangadye pulasitikiyo n'kuwononga chakudya?

Mayi, pangani, zimatheka bwinobwino. Ku Korea komwe kimchi amadya tsiku lililonse, anthu ambiri masiku ano amasungira kabichi wawo wosasa uja m'mabokosi a pulasitiki. Nkhani yagona poti pulasitikiyo ndi wamtundu wanji, komanso m'menemo munali chiyani musanayambe kugwiritsa ntchito inu.

Tembenuzani ndowayo muone kunsi kwake. Mupeza kachizindikiro ka makona atatu, mkati mwake muli nambala. Ikakhala 2 (pena amalemba HDPE) kapena 5 (PP) ndiye mwapeza, amenewa viniga ndi mchere siziwachita kanthu. Mukaonanso kachithunzi ka tambula ndi foloko ndiye kuti anapangiradi zakudya, bola kwambiri. Nambala 1 ndi PET, mabotolo a madzi akumwa ndi zoziziritsa kukhosi aja, viniga wa m'shopu amabweranso mmenemo ndiye asidi si vuto, koma kutentha ndiye amakuopa, mukathiramo madzi otentha mungoona botolo likukwinyika pamaso panu. Nambala 3, 6 ndi 7 zisiyeni, makamaka 7 chifukwa ina mwa iyo imakhala ndi mankhwala otchedwa BPA omwe amakayikiridwa kuti ndi oipa m'thupi. Yopanda nambala iliyonse ine ndimachapiramo zovala basi.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna mundimvetse. Ndowa ya penti nayonso nthawi zambiri imakhala nambala 2 kapena 5 yomweyo, chigubu cha mankhwala opopera mbewu chimodzimodzi, ndiye nambala payokha isakunamizeni. Pulasitiki amamwa. Inu nomwe mukudziwa chigubu chomwe munagulirako palafini kamodzi, mutsuke ndi sopo kangati kaya, mukatsegula fungo lili pompo. Mankhwala nawo amalowerera chomwecho, ndipo viniga ndi mafuta a mu achali amakawatulutsa pang'onopang'ono masabata onse amene chakudya chakhala mmenemo. Ndiye ya penti, ya oyilo wa galimoto, ya dibi wa ng'ombe, ya mankhwala a thonje kapena tomato, ayi ndithu, ngakhale wogulitsa pamsika alumbire kuti anatsuka. Funani ndowa zomwe munali majarini, mayonezi kapena mafuta ophikira, kumabekale ndi kumalesitilanti zimapezeka, kapena gulani yatsopano. Yokalikakalika mkati nayo isiyeni, m'mikwingwirima mmenemo mumabisala tizilombo tomwe siponji sifikamo.

Chachiwiri ndi kutentha. Ngati mwawiritsa viniga ndi shuga ndi zokometsera, dikirani zizizire kaye kenako muzithira. Nambala 5 imapirirako madzi otentha, komabe palibe chothamangira. Ndipo zija zowiritsa botolo lotseka mumphika kuti likhale chaka pa shelefu, zimene zija ndi za galasi zokha, pulasitiki satseka motero komanso amalowetsa mpweya pang'onopang'ono. Za mu pulasitiki ndi zodya m'masabata kapena miyezi yochepa, zikhale pamthunzi pozizira, mufiriji ngati ilipo, osati pawindo pomwe dzuwa limawomba.

Kunena zoona, chomwe chimadwalitsa anthu kawirikawiri ndi kuumira mchere ndi viniga, osati ndowa. Viniga aonetse 5% pa botolo, ndipo musamuthire madzi opitirira muyezo wake, kapu ya viniga kapu ya madzi basi. Pali kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum komwe kamakonda malo opanda mpweya komanso osawawasa, poizoni wake sanunkha, saoneka, ndipo amapha. Kamalephera kukula asidi akakwanira, akatswiri amati pH (muyezo wa kuwawasa, nambala ikachepa ndiye kuti asidi ndi wambiri) ikhale pansi pa 4.6. N'chifukwa chake adyo kapena kambuzi wongoviika m'mafuta okha popanda viniga kapena mandimu ine sindimusunga panja pa firiji. Achali wanu wogulitsa uja muganizire zimenezi, mango aawisi ndi owawasa kale koma karoti ndi adyo ayi.

Kabichi wa mchere safuna viniga. Duladulani, pa kilo imodzi thirani magalamu 20 a mchere, mufinye ndi manja mpaka madzi atuluke, kenako mutsindire mu ndowa mwamphamvu. Za karoti kapena nkhaka sungunulani magalamu 50 a mchere mu lita imodzi ya madzi, ndi masupuni aakulu atatu pafupifupi. Zonse zimire, kalikonse kosuzumira pamwamba kamachita chuku. Ikani mbale yadothi pamwamba, musanjikepo jumbo yoyera yatsopano yodzaza madzi a mchere omwewo, ikabooka palibe chawonongeka. Chitsulo kapena mbale ya aluminiyamu musayikemo, mchere ndi asidi zimadya.

Masiku oyambirira muona thovu, chivindikiro chikufufuma, musadabwe, ndi mpweya umene ukutuluka pamene zikusasa. Musatseke kwambiri, kapena muzitsegulako pang'ono tsiku lililonse, chigubu chotseka ndindindi chimatupa n'kukuthirani madzi a kabichi kumaso. Kukatentha ngati mu Okutobala pakatha masiku asanu lawani, mu Juni ndi Julaye zimachedwa, mwina masabata awiri. Kakhungu koyera kopyapyala pamwamba ingoyengulani, koma mukaona chuku chaubweya chakuda, chobiriwira kapena chofiirira, kapena masamba aterera n'kumanunkha chowola, tayani zonse musalawe n'komwe.

Ndowa ya achali ikhale ya achali yokha, chifukwa tsabola ndi ufa wa kale (curry) zimaidetsa chikasu ndipo fungo silichoka. Pogulitsa ndiye yesetsani timabotolo tagalasi ta jamu kapena mayonezi, titsukidwe n'kuwiritsidwa, zivindikiro zadzimbiri musatenge, ndipo mulembepo tsiku lomwe mwapanga.