Njinga yokwera phiri kapena yokwerera phiri?

Funso: Ndili ndi njinga ziwiri zakapalasa, zonse zoyenda pa msewu wa tala. Ina ndi yopepuka, ndimaitenga ndikafuna kukwera phiri la Zomba. Inayo ndi yolemerapo, ya maulendo aatali ngati a ku Liwonde. Mnzanga akuti ndikamanena kuti "njinga yokwera phiri" ndikulakwitsa. Nanga matayala ake osiyanawo ndiziwatchula bwanji? Owerenga wa ku Zomba.

Yankho: Mnzanuyo khutu lake ndi labwino, bambo, ngakhale kuti mawu oti kulakwitsa awonjeza. Mukati "njinga yokwera phiri" mukuitama njingayo, ngati kuti ikukwera yokha. Timatero ndithu, monga tikamati galimoto yothamanga. Koma inu mukufuna kunena ntchito imene munaigulira, ndiye mneni ayenera kutalika pang'ono: "njinga yokwerera phiri". Wokwera ndinu, njinga ndi chipangizo chabe, monga mpeni wodulira nyama.

Kamphatikira kameneka kamabwera pawiri, -er- ndi -ir-, ndipo wosankha si inu ayi. Zimatengera lembo la liwu lomaliza m'tsinde la mneni, osawerengera a wakumapeto uja. Likakhala e kapena o timaika -er-: kwera, kwerera, yenda, yendera. Likakhala a, i kapena u timaika -ir-: thamanga, thamangira, pita, pitira, nyamula, nyamulira. Choncho yopepukayo ndi yokwerera phiri kapena yothamangira, inayo ndi yoyendera maulendo aatali, pomwe ya akabaza, yokhala ndi kaliyala ija, ndi yonyamulira anthu. Mwana wobadwira m'Chichewa sasokoneza zimenezi polankhula. Chisokonezo ndimachiona kwambiri pa zolemba, makamaka pa zotsatsa malonda za pa Facebook, pomwe munthu amalemba "njinga yopita kuntchito" ngati kuti njingayo inalembedwa ntchito.

Za matayala, pewani kunena kuti "aakulu" ndi "aang'ono". Womva aganiza kuti njinga inayo ndi ya mwana. Chonsecho njinga zambiri zapatala zili ndi malimu ofanana, a mamilimita 622, ndipo chosiyana ndi kunenepa kwa tayala. Yothamangira imakonda kukhala ndi la mamilimita 25 kapena 28, pomwe yoyendera mtunda imafika 32 kapena kupitirira, kuti isamagwedeze msana pa msewu wokumbikakumbika. Nenani kuti "matayala oonda" ndi "matayala onenepa", aliyense amva.

Mawu anu oti "yolemerapo" ndawakonda. Kachidutswa ka -po kakusonyeza kuti mukufanizira ndi inzake, osati kuti njingayo ndi chimtolo. Pa mipikisano ngati Tour de France, malamulo a UCI, bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga padziko lonse, salola njinga yosakwana makilogalamu 6.8, kotero kuti kumeneko njinga ya makilogalamu 9 ndi yolemerapo kale, pomwe wakabaza angaitole ndi dzanja limodzi.

Mwachitanso bwino kulemba "njinga ziwiri". Dzinali silisintha pochulukitsa, monga nyumba ndi mbuzi, ndipo chotiuza kuchuluka ndi mgwirizano: njinga yanga, njinga zanga, ina, zina. "Manjinga awiri" amamveka m'tauni, koma musawalembe. Pa ziwiri zokha, mukatchula yoyamba kuti "ina", yotsalayo ndi "inayo" kapena "inzake". Mukabwereza "ina", womva adikira kuti mutchule yachitatu.