Funsani Aphunzitsi: Chingerezi cha mayeso a Enem ku Brazil, ndimugwire pati mwanayu?

Funso

Aphunzitsi, ine ndimaphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina kuno ku Zomba, ndikaweruka ndimaphunzitsanso pa intaneti kuti ndizipezako ya sopo. Nde ndapeza mtsikana wa ku Brazil wa zaka 17, akuti akukonzekera mayeso otchedwa Enem mu Novembala kuti apite ku yunivesite. Ine ndinayamba naye mmene timachitira ndi ana a Fomu 4, ma tense, ma question tag, reported speech kenako kompozishoni, koma akuoneka kuti sakukondwa ndipo dzulo wandiuza mwaulemu kuti zimenezi sizibwera pa mayeso. Ndi ulesi kapena ndine ndikuphonya? Kasitomala ameneyu sindikufuna andithawe.

Mphunzitsi wa ku Zomba

Yankho

Aphunzitsi anzanga, mwanayo si waulesi ayi, akunena zoona, ndipo mumuthokoze poti wakuuzani msanga ndalama za makolo ake zisanathere pa ma question tag.

Enem ndi mayeso a dziko lonse la Brazil a ana omaliza sekondale. Anayamba mu 1998 ngati njira yongoonera kuti ana akutuluka ku sekondale akudziwa zotani, koma mu 2009 anawasintha nkukhala khomo lolowera ku yunivesite. Amene amawayendetsa ndi bungwe la Inep, la pansi pa unduna wa zamaphunziro, tingoti ndi MANEB yawo. Malikisi akatuluka mwana amapita nawo pa webusaiti ya boma yotchedwa Sisu kukalimbirana malo m'mayunivesite a boma, kapena pa Prouni kukapempha kuti aphunzire ku yunivesite yolipira koma osalipira, olo kulipira theka. Mafunso onse alipo 180, ochonga A mpaka E, kuphatikizapo nkhani yolemba imene eni ake amati redação, ndipo amalemba masiku awiri a Lamulungu otsatizana.

Tsopano mwa mafunso 180 amenewo, a Chingerezi ndi asanu. Asanu basi, nambala 1 mpaka 5 pa pepala la tsiku loyamba. Mwana salemba chiganizo cha Chingerezi olo chimodzi, palibe zomvetsera, palibe zoyankhula, redação ija ndi ya Chipwitikizi. Chimene chimadabwitsa aphunzitsi ambiri akunja nchoti funso lenilenilo ndi mayankho ake asanu nazonso zimakhala m'Chipwitikizi, cha Chingerezi ndi kandime kowerenga kokha. Kandimeko kamatha kukhala kachidutswa ka nkhani ya m'nyuzipepala, ndakatulo, mawu a nyimbo, chikwangwani cha malonda kapena cha zaumoyo, kapena katuni ya timabokosi titatu. Ndipo amafunsa zinthu ngati izi: wolembayu cholinga chake nchiyani, akudzudzula chiyani, mawu akutiakuti awaika pofuna kuonetsa chiyani, kuseketsa kwa katuniyi kwagona pati. Past participle ya swim palibe adzamufunse.

Ife tinakulira MSCE, kumene ukalakwa Chingerezi satifiketi suiona, nde tikangomva kuti mayeso a Chingerezi manja amathamangira okha ku buku la galamala. Kumeneko nkosiyana. Chimene akuyesa ndi choti mwana awerenge ndime imene sanaionepo, mawu ena osawadziwa nkomwe, koma atulukemo ndi mfundo ya mwini nkhani.

Ndikupatseni chiganizo chimene ndangopeka pompano kuti muone pamene ana ake amagwera:

Although the city has built new bike lanes, few residents actually use them.

Mtsikana wanuyo city, residents ndi use savutika nawo, chifukwa kwawo kuli cidade, residentes ndi usar. Chipwitikizi chinachokera ku Chilatini, ndipo Chingerezi nachonso chinatenga mawu ambirimbiri ku Chilatini ndi ku Chifalansa, nde mawu ataliatali amene amaopsa ana athu kuno, monga information, government, responsibility, ambiri mwa iwo kwa mwana wa ku Brazil ndi aulere. Musataye nthawi kumulowezetsa amenewo. Amene amamugwetsa ndi timawu tating'ono timene amatidumpha poganiza kuti tilibe ntchito. Akadumpha although sadziwa kuti chiganizo chikhota kutsogoloku. Akawerenga few ngati a few, wamva kuti alipo ndithu angapo amene akugwiritsa ntchito njirazo, pomwe mwini nkhani akudandaula kuti pafupifupi palibe. Kenako actually, amene amaoneka ngati atualmente, kutanthauza masiku ano. Mukaphatikiza zitatuzi mwana amamva kuti mzinda wamanga njira za njinga ndipo masiku ano anthu akuzigwiritsa ntchito, chimene chili chosemphana kotheratu ndi zimene zalembedwa, ndipo dziwani kuti yankho lotero likhalapo pa mayankho asanu aja, likumudikira. Okonza mayeso amawadziwa bwino ana awo.

Mawu onamiza ngati actually aphunzitsi akumeneko amawatchula falsos cognatos ndipo amene amabwerabwera si ambiri, mutha kuwamaliza masabata ochepa. Pretend amaoneka ngati pretender, kufuna kuchita chinthu, pomwe ndi kunamizira. Parents amafanana ndi parentes amene ndi achibale onse, library ndi livraria imene ndi sitolo ya mabuku, fabric ndi fábrica imene ndi fakitale, college ndi colégio imene kwawo ndi sukulu ya ana osafika ku yunivesite. Woseketsa kwambiri ndi push, amamveka ngati puxe, kukoka, nde munthu amaima pa chitseko cholembedwa push nkumachikoka ndi mphamvu zonse.

Koma ine ndikanakhala inu nthawi yambiri ndikanaithera pa mawu olumikiza: however, despite, unless, whereas, therefore, yet, rather than, instead. Amenewa ali ngati chiwongolero cha njinga, kachinthu kochepa koma nkamene kamanena kolowera. Musamupatse mndandanda woti aloweze, mupatseni ndime azizunguliza ndi cholembera paliponse pamene wawapeza nkukuuzani ngati wolemba akupitiriza, akukhota kapena akumanga mfundo. Muonjezerepo ma phrasal verb monga give up, run out of, come up with, chifukwa pamenepo Chipwitikizi chake sichimuthandiza olo pang'ono. Muonetseninso kuti Chingerezi chimaunjika mawu ofotokoza patsogolo, dzina lenileni kumapeto, public health care workers aziyambira ku workers nkumabwerera m'mbuyo. Ichi inu muchimvetsa msanga poti Chichewa nacho chimayamba ndi dzina, timati nyumba yaikulu, iwo amati casa grande. Ndipo it, they, which, them akawaona azifunsa kuti akuloza ndani.

Mapepala akale a Enem ndi mayankho ake ali pa webusaiti ya Inep, aulere, nde buku lanu ndi limenelo. Mwina mukuti nanga ine Chipwitikizi sindichidziwa, mafunsowo ndiwawerenga bwanji. Mpamene pali phunziro pamenepo. Iyeyo akumasulireni funso ndi mayankho onse asanu m'Chingerezi chake chothyokathyoka, kenako akuuzeni chifukwa chake anayi enawo ali olakwika, ndi kuloza mzere wa mu ndime umene ukumuikira umboni. Muona kuti mayankho olakwika amabwera mitundu yodziwika, lina limatola liwu lenileni la mu ndime nkulipatsa mfundo ina, lina limanena zoona ndithu za m'dziko koma zoti wolembayo sananene, lina limakokomeza, wolemba anati ena ilo likuti onse. Lachiwirilo ndi limene limagwetsa ana anzeru, chifukwa amayankha zimene akudziwa m'malo mwa zimene awerenga.

Azolowere kuyamba ndi funso asanawerenge ndime, aone mutu, aone chithunzi ngati chilipo, ayang'anenso kamzere kapansi kamene kamanena kumene ndimeyo yachokera ndi chaka chake, nthawi zina kamzere kameneko kamakuuziratu ngati ndi nthabwala, malonda kapena nkhani ya sayansi. Muzimutchera wotchi. Tsiku loyamba ndi maola asanu ndi theka, mafunso 90 ndi redação, nde akapatula ola limodzi la redação funso lililonse limatsala ndi mphindi zitatu. Mwana womasulira liwu ndi liwu nthawi imamuthera pa nambala 3.

China choti mudziwe, Enem samangowerenga kuti wakhoza angati. Amagwiritsa ntchito njira imene amaitcha TRI, imene imaonanso ngati kukhoza kwako kukugwirizana, ukalakwa mafunso ophweka nkukhoza ovuta imatenga ngati unangoombeza ndipo malikisi ake amachepa. Nde asamapeputse katuni poti ndi kafupi. Komabe asasiye funso losachonga, kulakwa sikuchotsetsa malikisi.

Mumufunsenso ngati akulemba Enem yokha. Mayunivesite ena akuluakulu ali ndi mayeso awoawo, amene amati vestibular. Wofuna USP ku São Paulo amalemba Fuvest, wofuna Unicamp ku Campinas amalemba a Comvest, ndipo kumeneko ndime zimakonda kukhala zolemererapo, ngati nkhani za m'manyuzipepala ndi m'magazini a Chingerezi. Akatchula ITA ya ku São José dos Campos, sukulu ya mainjiniya ija, pamenepo nde tulutsani buku lanu la galamala lija, mulifuna.

Funso

Ndine mayi wa ku Angónia koma tikukhala ku São Paulo, bambo akunyumba amagwira ntchito kuno. Mnyamata wathu alemba Enem chaka chamawa ndipo akuti asankha Chisipanishi poti anzake akuti nchophweka, chimafanana ndi Chipwitikizi. Koma Chisipanishicho sanachiphunzirepo, pomwe Chingerezi amaphunzira kusukulu ndipo magemu ake a pafoni onse ndi a Chingerezi. Ndimuletse?

Mayi wodandaula, São Paulo

Yankho

Amayi, kumuletsa ndi pakamwa sizithandiza, ana a msinkhu umenewu mukuwadziwa. Mutsitsireni mapepala akale a zaka zingapo, Loweruka lina akhale pa tebulo ayankhe mafunso a Chingerezi ndi a Chisipanishi omwe, foni ili kwa inu, kenako muchonge limodzi. Manambala amuuza okha.

Maganizo anga ndi oti atenge Chingerezi. Kufanana kwa Chisipanishi ndi Chipwitikizi nkumene kumapusitsa, mwana amawerenga mothamanga akuona ngati wamva zonse, pomwe mawu onamiza aja kumeneko nde ali mbwee, ndipo okonza mayeso podziwa kuti aliyense atolapo kanthu amaika funso pamalo pobisika. Mwana amene wakhala akuphunzira Chingerezi zaka zonsezi ndipo amachiona tsiku ndi tsiku pafoni ali kale ndi poyambira, kusiya zimenezo nkukatola chiyankhulo chimene sanachiphunzirepo poti anzake atero ndi kutchova juga.

Chiyankhulo amasankha polembetsa ndipo kulembetsa kukatsekedwa sasinthanso. Mumuchenjezenso kuti m'kabuku ka mafunso muli zonse ziwiri, 1 mpaka 5 a Chingerezi kenako 1 mpaka 5 a Chisipanishi, ayankhe chokhacho chimene analembetsa, chifukwa mayankho ake adzachongedwa potsata chimenecho olo iye atasintha maganizo ali m'chipinda cha mayeso. Cholembera chikhale chakuda, cha pulasitiki yoonekera mkati. Ndipo zipata amatseka 1 koloko masana pa nthawi ya Brasília, osapitirira olo mphindi, chaka chilichonse atolankhani amakhala pa geti kujambula ochedwa akulira, nde nyamukani msanga, misewu ya São Paulo mukuidziwa kuposa ine.

Funso

Ndamaliza Fomu 4, Chingerezi ndinakhoza bwino zedi. Ndingalembe Enem imeneyi nkukaphunzira ku Brazil?

Mnyamata wa ku Area 25, Lilongwe

Yankho

Achimwene, Chingerezi chanucho chikupatsani mafunso asanu, otsala 175 ndi redação ndi Chipwitikizi chokhachokha, ndipo mayesowo salembera kuno ku Malawi. Njira ya ophunzira akunja ndi ina, imatchedwa PEC-G, inayamba mu 1965, amalembetsa kudzera ku ofesi ya kazembe wa Brazil, nde kafunseni kumeneko za mayiko amene akulandiridwa chaka chimenecho. Fizi simulipira, koma muyenera kuonetsa kuti muli ndi wokuthandizani pa chakudya ndi pogona, ndipo mayeso amene akuvuteni inu ndi Celpe-Bras, oyesa Chipwitikizi. Abale athu a ku Tete ndi ku Niassa ali ndi mwayi wina, yunivesite ya Unilab ku Redenção m'chigawo cha Ceará, imene inakhazikitsidwa mu 2010 ndipo imalandira ophunzira a m'mayiko oyankhula Chipwitikizi kuphatikizapo Mozambique. Inu ngati mwatsimikizadi, yambani mwapeza wokuphunzitsani Chipwitikizi, ku Dedza ndi ku Ntcheu m'malire muja anthu ochiyankhula ngosasowa.