Bwanji ku Atlanta amati Hank Aaron ndiye mfumu ya ma home run?

Mayi wina amene akukhala ku Atlanta anandilembera imelo sabata yatha. Mwana wawo wayamba kusewera baseball kusukulu, ndipo anawafunsa chifukwa chake anthu a mumzindawo amatcha Hank Aaron mfumu ya ma home run pomwe wosewera wina, Barry Bonds, anamenya ambiri kuposa iye. Mayiwo anasowa choyankha, ndiye andiponyera ine funsolo.

Zikomo mayi polemba. Kwa ife amene tinakulira mpira wamiyendo, ndiyambe ndi home run yeniyeniyo. Woponya amaponya mpira mwaliwiro, womenya n'kuutchaya ndi ndodo. Ukauluka mpaka kugwera kuseri kwa mpanda wa bwalo, womenyayo amazungulira malo onse anayi popanda womuletsa, timu yake n'kupata mapointi. Aaron anachita zimenezi maulendo 755.

Anabadwa pa 5 February 1934 ku Mobile, m'boma la Alabama, nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kudya m'nyumba yodyera imodzi ndi mzungu. Ali mwana ankaphunzira kumenya pogwiritsa ntchito timitengo ndi zotsekera mabotolo. Mu 1952 anasewerera Indianapolis Clowns, timu ya mu ligi ya anthu akuda, ndipo mu 1954 analowa mu ligi yaikulu ndi Milwaukee Braves. Mu 1957 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu National League, imodzi mwa maligi awiri aakulu a baseball ku America, ndipo chaka chomwecho timu yake inagonjetsa New York Yankees pa World Series, masewera omaliza olimbirana ukatswiri wa chaka. Braves inasamukira ku Atlanta mu 1966.

Chimene chimandigwira mtima ine n'chakuti Aaron sanafikepo pa ma home run 50 mu sizoni imodzi. Ochuluka kwambiri anali 47, mu 1971. Koma kwa zaka 20 zotsatizana, kuyambira 1955 mpaka 1974, sanatsikepo pansi pa 20. Ena amayaka ngati moto wamapesi kenako n'kuzima, iyeyu ankangonyeka chaka ndi chaka. Anamenya mpira n'kufika pamalo bwinobwino maulendo 3,771, moti mutachotsapo ma home run onse aja, atsalabe ndi oposa 3,000, chiwerengero chimene akatswiri ambiri amapuma asanachione. Pa mapointi obwera chifukwa cha kumenya kwake, amene amawatcha RBI, ali ndi 2,297, ndipo mpaka lero palibe amene wamupitirira.

Tsono pamene panagona nkhani ndi apa. Babe Ruth, wosewera wachizungu wokondedwa kwambiri ku America, anasiya chiwerengero cha ma home run 714, chimene panthawiyo panalibe amene anachipitirira. Aaron anamaliza sizoni ya 1973 ali ndi 713. Taganizani mayi, kukhala miyezi yonse yozizira ukudikira sizoni ina, uku makalata akubwera miyandamiyanda. Ambiri anali omulimbikitsa, koma ena anali otukwana khungu lake ndi omuopseza kuti amupha akayerekeza kupitirira Ruth. Ankayenda ndi womulondera, ndipo ana ake nawonso anaopsezedwa. Makalata oipawo sanawataye, anawasunga moyo wake wonse.

Pa 8 April 1974, kwawo ku Atlanta, anamenya wa nambala 715 pa mpira umene anaponya Al Downing wa Los Angeles Dodgers. Akuzungulira bwalo, anyamata awiri achizungu anadumphira m'bwalomo n'kumathamanga pambali pake. Ankangomuyamikira, koma panthawiyo ndani akanadziwa? Atafika pomalizira, mayi ake a Estella anamukumbatira zolimba osafuna kumusiya. Nthawi zonse ndikaonera kanema wa tsikulo, pamenepa m'pamene misozi imalengeza.

Anapuma mu 1976 ali ku Milwaukee Brewers, ndipo mu 1982 analowetsedwa mu Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri opambana a baseball.

Za Bonds, muuzeni mwanayo zoona: anapitirira Aaron mu 2007 n'kumaliza ndi 762, ndipo m'mabuku iye ndiye woyamba. Koma dzina lake linadetsedwa ndi nkhani ya mankhwala owonjezera mphamvu, n'chifukwa chake ambiri mitima yawo inatsalira kwa Aaron. Inenso ndili mbali yomweyo. Komabe Aaron mwiniwake anatumiza uthenga wa pakanema womuyamikira Bonds usiku umene anamupitirirawo.

Anamwalira pa 22 January 2021 ali ndi zaka 86. Poti muli pafupi, mutengeni mwanayo ku Truist Park tsiku lina Braves ikusewera. Muli chiboliboli cha Aaron m'bwalomo, ndipo akafunsa chifukwa chake palibe wosewera wa Braves amene wavala nambala 44, mudzamuuze kuti inali ya bambo ameneyu.