Yankho kwa a malume pa za kutentha tchire mu Juni

A malume, mwaswera bwanji uko ku Lilongwe? Funso lanu ndalimva, loti bwanji a komiti ya nkhalango kuno ku Ntcheu akufuna kuyatsa moto m'nkhalango ya m'mudzi mwezi uno wa Juni, chonsecho ndi omwewo amatiletsa kutentha tchire. Ndati ndingoyankhula m'gulu lathu lino, kulemba kungatalike.

Mtima m'malo, sakuononga ayi. Kumeneko ndi kutentha msanga. Panopa udzu wayamba kuuma koma pansi pakadali chinyezi, m'mawa mame ali mbwee. Moto wa nyengo ino umangokwawa, umadya udzu ndi masamba ogwa, kukazizira usiku nthawi zambiri umazima wokha. Mombo, tsamba, masuku, mitengo imeneyi imapirira moto wotere. Koma udzu womwewo muusiye mpaka Okutobala, wauma gwa, dzuwa likuswa mtengo, ndiye mwana wosaka mbewa aponyepo moto. Aaa, a malume, malawi amafika kunsonga. Timitengo tophukira timapsa tonse, ming'oma ya njuchi osatsala, nthaka imakhala pamtetete, mvula yoyamba n'kuikokolola. Ndipo kuno si nkhani ya mitengo yokha. Madzi a damu la Mpira, amene akumwa anthu a Ntcheu ndi Balaka, amachokera m'nkhalango ya Mvai. Phiri likamapsa chaka ndi chaka, matope amathera m'damumo.

Komanso sangofika n'kuyatsa. Amayamba alambula mseu wotchinga moto kuzungulira, kupala ndi makasu mpaka dothi lioneke, osati kungotchetcha. Moto kuti uyake umafuna zitatu: chakudya chake, mpweya ndi kutentha. Mseuwo umaumana chakudya. Kuumenya ndi nthambi zaziwisi kapena kuukwirira ndi dothi kumautsekera mpweya. Akamaliza kulambula mseuwo amayatsa madzulo mphepo itagona, kagawo kagawo.

Tsono ichi ndikufuna anyamata a m'gulu muno amve, poti ndi amene amathamangira moto ukabuka. Moto uli ndi kumutu, m'mbali ndi kumbuyo. Kumutu ndi kumene mphepo ikuukankhira, kumeneko musaimeko. Yambirani kumbuyo, muziutsata m'mbali n'kumaupana mpaka mutuwo uchepe. Paphiri moto umathamanga kwambiri pokwera, chifukwa malawi amawamba udzu wa kumtunda usanaufike, ndiye musakhale pamwamba pake, simungaupose liwiro. Musanayambe dziwanitu kothawira, ndipo malo abwino ndi palupsa pomwe papsa kale. Wina aziyang'ananso kuseri kwa mseu, chifukwa mbaliwali zimauluka n'kukayatsa tsidya linalo inu muli kalikiliki kuno. Zoyatsa moto wina kuti ukakumane ndi unzakewo zimathandiza ndithu, koma asiyireni odziwa, ngati aja anaphunzira ku koleji ya zankhalango ku Chongoni. Mphepo ikangotembenuka, moto mwayatsa nokhawo ndi umene umakutsekerezani.

Malawi akazima anthu amathamangira kunyumba, pamenepo m'pamene timaluza. Chitsa chimanyeka mkati masiku, pamwamba chili phulusa lokhalokha. Ndowe youma ya ng'ombe chimodzimodzi, ukaigubuduza ndi khasu umapeza pansi pali psuu. Zonsezo ziphwanyidwe, zithiridwe dothi, ndipo m'mawa mwake wina adzazungulirenso.

Paini ndi nkhani ina. M'minda ngati ya ku Dzonzi kapena phiri la Dedza, paini wamng'ono sapirira moto, kumeneko amadalira miseu ndi alonda. Ndipo m'nkhalango ya boma, lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kuyatsa moto popanda chilolezo, ndi mlandu.

Eya, bulugama wanu uja wa kuseri kwa dambo, udzu wafika m'khosi ndipo sanalambulidwe. Mukatumiza ya aganyu tipalako sabata ino, mwera usanalimbe.